Chithunzi cha ku Joni Sichilankhula Chokha

Ine ndimati chithunzi chakale chimafuna mboni. Taonani zithunzi za amuna amene ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela: suti, chipewa chopendekeka, nsapato zonyezimira. Fumbi la pansi pa mgodi silioneka. Koma kalata imene inabwera ndi chithunzi chotere ili ndi chidindo cha positi, ndipo ikakhala ya 1973, mwadziwa kuti anapita boma lisanaimitse ulendowu mu 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown. Ena amati mbiri ya banja ili m'kamwa mwa agogo, mapepala ngachiyani? Zoona, komatu agogo amasokoneza zaka, pomwe pepala silidziwa chimene chinam'chotsa munthuyo pamudzi. Khalani nawo pakhonde chithunzi chili m'manja, mulembe mayina kuseri kwake ndi pensulo, poti inki imalowerera.