Nsanja ya magetsi a mphepo imafuna mitengo yabwino ndi maziko olimba

BLANTYRE: Kuthimathima kwa magetsi komwe kunakula m'chaka cha 2022, namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira omwe amatulutsa pafupifupi 130 megawatts, kunakumbutsa anthu a mumzinda wa Blantyre kufunika kokhala ndi njira zina zopezera magetsi.

Ku Soche, Manja, Chilobwe ndi Zingwangwa, komwe mphepo ya chiperoni imaomba kuyambira mwezi wa May mpaka August, imodzi mwa njirazi ndi makina opukusa magetsi pogwiritsa ntchito mphepo. Nyengoyi kumachita mitambo ndi nkhungu moti magetsi a dzuwa amachepa mphamvu.

Koma makinawa sangapindule kanthu ngati nsanja yomwe akhazikidwapo ndi yaifupi kapena yofooka, ndipo nsanja ikagwa m'dera lomwe nyumba ndi zothithikana ikhoza kupha anthu.

Chitsanzo chodziwika bwino m'dziko muno ndi cha William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe m'boma la Kasungu, yemwe anapanga makina otere ali ndi zaka 14 atasiya sukulu kaamba kosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002.

Kamkwamba anagwiritsa ntchito njinga yakutha, dayinamo, fani ya thirakitala ndi mapaipi a pulasitiki, ndipo zonsezi anazikweza pa nsanja ya mitengo ya bulugamu yotalika pafupifupi mamita 5. Pambuyo pake iye anamanga nsanja yofika mamita 12 pofuna kupeza mphepo yabwino pamwamba pa mitengo.

Chifukwa chokwezera nsanja n'chakuti mphepo ya pafupi ndi nthaka imaphwanyidwa ndi nyumba, mitengo ndi mipanda, choncho imabwera yofooka komanso mozungulirazungulira. Liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yomwe ili mu mphepoyo imawirikiza kasanu ndi katatu.

N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amalangiza kuti mapiko a makinawo adutse chilichonse chotchinga mphepo pafupi ndi malowo ndi mamita 9 kapena 10.

Koma liwiro lomwelo likawirikiza kawiri, mphamvu yokankha nsanja nayo imawirikiza kanayi. Izi zikutanthauza kuti nsanja iyenera kumangidwa poganizira mphepo ya mkuntho ya nthawi ya dzinja, ngakhale imaomba masiku ochepa pa chaka.

Bulugamu ndiye mtengo womwe anthu ambiri angaupeze mosavuta. Ndi wowongoka, wolimba komanso wotsika mtengo poyerekeza ndi chitsulo, koma adani ake ndi chiswe ndi chinyezi. Mtengo umayamba kuola pamalo pomwe wakumana ndi nthaka, pomwenso ndi pamene pamagwera kulemera konse mphepo ikamakankha.

Mitengo yoyenera ndi yokhwima, yosendedwa makungwa ndi kuumitsidwa pamthunzi kwa miyezi ingapo, kenaka n'kuthiridwa mankhwala oteteza ku chiswe monga creosote. Njira yabwino koposa ndi kukhazika miyendo ya nsanja pamwamba pa konkire n'kuimanga ndi zitsulo, kuti mtengo usakhudze dothi.

Polumikiza mitengo ndi bwino kuboola n'kuika mabawuti kusiyana ndi kukhoma misomali, chifukwa bulugamu amang'aluka ndipo misomali imazuka pang'onopang'ono makina akamanjenjemera. Mitengo yopingasa iikidwe mopendeka kuti ipange ngodya zitatu, pakuti nsanja yomangidwa ngati makwerero chabe imapendama.

Mitengoyi igulidwe kwa anthu omwe anadzala okha. Phiri la Soche ndi nkhalango yotetezedwa, ndipo lamulo la zankhalango la 1997 limaletsa kudulamo mitengo popanda chilolezo.

Omwe angakwanitse angagwiritse ntchito paipi yachitsulo ya madzi, ya mainchesi awiri kapena kuposerapo, yokutidwa kuti isachite dzimbiri. Paipi yotere ndi yokwanira makina aang'ono ngati yamangidwa bwino ndi mawaya, ndipo nthambo ya magetsi imadutsa mkati mwake.

Zitsulo zakale zogula kwa ogulitsa m'misika monga wa Ndirande ziyenera kuonedwa bwino. Paipi yomwe yadyeka ndi dzimbiri mkati, yopindika kapena yolumikizidwa mowotcherera malo ambiri siyenera kugwiritsidwa ntchito. Paipi ya pulasitiki ndi yothandiza popanga mapiko basi, singanyamule makina.

Paipi payokha singaime. Imagwidwa ndi mawaya achitsulo atatu kapena anayi omangidwa pansi pang'ono pa pomwe mapiko amathera, kuti mapikowo asawakhudze. Mawaya anayi ndi abwino chifukwa amalola kugoneka nsanja pansi pokonza makina, m'malo moti munthu azikwera pamwamba.

Waya aliyense amangiriridwe pansi pa mtunda wa theka kapena magawo atatu mwa anayi a kutalika kwa nsanja. Nsanja ya mamita 12 imafuna kuti zomangirira zikhale mamita 6 mpaka 9 kuchokera patsinde, mbali zonse.

Mapuloti ambiri a ku Soche ndi madera oyandikana nawo alibe malo otere. Pamalo pochepa ndi bwino kumanga nsanja ya miyendo itatu kapena inayi, yotambalala pansi ndi yochepa pamwamba, ndipo ngati malowo sakukwanabe ndi nzeru kusiya ganizoli kusiyana ndi kumangirira waya pa mpanda wa mnansi kapena pa mtengo wa mango.

Zingwe za nayiloni siziyenera kulowa m'malo mwa waya chifukwa zimatamuka komanso zimafumbwa ndi dzuwa.

Nthaka ya m'mbali mwa phirili ndi nkhani ina yofunika kuiganizira. M'mwezi wa March 2023, mvula ya namondwe wa Freddy inagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche ndi kukokolola nyumba ku Chilobwe ndi Manja, komwe anthu ambiri anataya miyoyo yawo.

Dothi likakhuta madzi limasiya kugwira, choncho chikhomo chongokhomedwa pansi chimazuka mosavuta. Chomangirira waya aliyense chikhale m'dzenje lakuya mita imodzi kapena kuposerapo, lofika pa nthaka yolimba, lodzazidwa ndi konkire wa muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya miyala. Konkire amafika pa mphamvu yake yonse pakatha masiku 28, ndipo ndi bwino kudikira nsanja isanaimikidwe.

Nsanja isamangidwe m'mphepete mwa chigwembe, panjira ya madzi, kapena pa dothi lothiridwa posalaza malo. Isakhazikidwenso padenga, chifukwa kunjenjemera kwa makina kumang'amba zipupa, makamaka za njerwa zomangidwa ndi dothi.

Malo ake atalikirane ndi nyumba, njira ya anthu ndi mawaya a ESCOM kuposa kutalika kwa nsanjayo, kuti ikagwa isakhudze chilichonse. Nsanja yaitali imathanso kuombedwa ndi mphenzi, choncho ilumikizidwe ndi waya wokhuthala ku ndodo ya mkuwa yokwiriridwa pansi.

Chaka chilichonse mvula isanayambe, mwini wake aone ngati mabawuti alimba, mawaya sanakhwepe, ndipo agogode tsinde la mitengo kuti amve ngati chiswe chalowa.

Asanagule chilichonse, munthu ayenera kuyamba waona kwa miyezi ingapo momwe mphepo imaombera pamalo pake, popeza madera ambiri a m'dziko muno alibe mphepo yamphamvu chaka chonse. Ayeneranso kufunsa ku khonsolo ya mzinda wa Blantyre, yomwe imayang'anira zomangamanga mumzindawu, za chilolezo chomangira nsanjayo.