Mawu akale a Chingerezi oyamba ndi h, th ndi wh

Mphunzitsi wa ku Mandimba, Ngauma kapena Cuamba atha kufunsidwa tanthauzo la mawu monga whence ndi thither. Mawuwa sapezeka kawirikawiri m'mabuku a m'kalasi, koma alimo ambiri m'Baibulo la King James la mu 1611 ndi m'nyimbo zakale za m'tchalitchi. Mwana akawaloweza limodzilimodzi sachedwa kuwaiwala. Chomwe chimathandiza ndi kumuonetsa kuti onsewa ndi banja limodzi la mawu 9.

Chiyambi cha liwu chimaloza mtunda: h ndi pafupi ndi wolankhula, th ndi patali, wh ndi funso. Mathero ake amanena za ulendo: ere ndi pomwe chinthu chili, ither ndi komwe chikulowera, ence ndi komwe chachokera. Motero here, there, where ndi pano, apo, pati. Hither, thither, whither ndi kudza kuno, kupita uko, kupita kuti. Hence, thence, whence ndi kuchokera kuno, kuchokera uko, kuchokera kuti.

Kaganizidwe kotere si kachilendo kwa mwana wolankhula Chinyanja, poti amanena kale pano, apo, pati. Kuno, uko, kuti. Muno, umo, muti. Kusiyana n'kwakuti m'Chinyanja mneni ndiye amaonetsa ngati munthu akupita kapena akuchokera, pomwe Chingerezi chakale chinkaika zimenezi m'liwu lenilenilo. Chipwitikizi chili pakati: aqui, ali, onde zimasanduka daqui, dali, donde, ndipo aonde akufanana ndi whither.

Kuyambira pa zomwe mwana akudziwa ndiwo maziko a maphunziro a zinenero ziwiri, omwe adayesedwa m'Chinyanja ku Tete pa ntchito ya PEBIMO kuyambira 1993 mpaka 1997 ndipo adayamba m'sukulu za boma mu 2003. Mphunzitsi ajambule mabokosi 9 pa bolodi, ana ayambe kuwadzaza m'Chinyanja, m'Chiyao kapena m'Chimakhuwa, kenako m'Chipwitikizi, Chingerezi chibwere pomaliza.

Pali misampha iwiri. Si liwu lililonse lofanana zilembo lomwe lili m'banjali: wither ndi kufota, ndipo fence ndi mpanda. Komanso hence masiku ano amatanthauza n'chifukwa chake. Ana adziwenso kuti mawu ngati thither ndi oti aziwamvetsa powerenga. Polankhula ndi polemba mayeso agwiritse ntchito there.