Galimoto Inathera Kuphompho, Mwini Wake Anatuluka Wamoyo

Abale ndi alongo m'Chisilamu, ambiri a ife tinakula tikuona galimoto za Peugeot 404 zikunyamula usipa ndi utaka kuchokera ku Mangochi kupita m'misika ya kumtunda. Galimotozi zinayamba kupangidwa ku France mu 1960, ndipo ku Kenya anapitiriza kuzilumikiza mpaka 1991. Zochepa zomwe zatsala, eni ake amazisamala ngati mwana wobadwa yekha. Koma kodi chikondi chimenechi chimafika ku mabuleki ndi matayala?

Funsoli latibwerera chifukwa cha zomwe zinaonekera m'bale wathu wina wa ku Nkhulambe, m'boma la Phalombe. Dera limeneli lili kuseri kwa phiri la Mulanje, ndipo njira yachidule yochokera ku Phalombe imadutsa pampata wa Fort Lister, pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi, pomwe Angelezi anamanga linga mu 1893 pofuna kutseka njira ya malonda a akapolo. Ndi msewu wa zitunda ndi mitsetse. Namondwe wa Freddy, amene anasakaza Nkhulambe mu Malichi 2023, anasiya misewu ya kumeneko ili yokumbika, milatho itakokoloka.

M'baleyu anali ndi 404 ya bokosi kumbuyo, yomwe anamusiyira malemu bambo ake. Lachisanu lililonse ankaitsuka asanapite ku Jumu'ah, ndipo ofuna kuigula ankabwerera manja ali m'khosi. Tsiku la ngozi anali atadzaza matumba a nsomba zouma. Potsika mtsetse, phazi lake linali pa buleki njira yonse. Atafika pagulaye, anaponda buleki koma inangolowa mpaka pansi osagwira. Galimoto inasiya msewu, inagubuduka, n'kukaima chagada pamiyala. Anthu omwe ankalima pafupi ndiwo anamusolola. Anathyoka nthiti ndi mkono, koma Alhamdulillah, lero akuyenda yekha kupita kumzikiti.

Tsoka silinunkha, koma makaniko amene anaona chiphakasacho anafotokoza gwero lake. Mabuleki akapondedwa nthawi yaitali amatentha kwambiri. Mafuta a mabuleki akakhalitsa amayamwa chinyezi, ndipo akatentha amawira n'kupanga mpweya m'mipaipi. Mpweya umafinyika, choncho phazi limangolowa osakankha kanthu. Galimoto zatsopano zili ndi njira ziwiri za mafutawa, kuti ina ikafa ina igwire; zambiri zakale zili ndi imodzi yokha. N'chifukwa chake dalaivala wanzeru amatsika mtsetse pa giya yaikulu mphamvu, yoyamba kapena yachiwiri, kuti injini ndiyo izigwira galimoto. Tidziwenso kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti mabuleki aimitse galimoto umawirikiza kanayi.

Nanga chinamupulumutsa n'chiyani? Poyamba ndi chifundo cha Allah (Subhanahu wa Ta'ala), pakuti palibe amene amafa nthawi yake isanakwane. Koma Allah amapulumutsa kudzera m'zifukwa. Mayi a kunyumba kwake anamuumiriza kuti aikitse lamba watsopano pampando, pakuti wakale anali atadukaduka. Lambayo ndiye anamugwira kuti asaponyedwe kunja kapena kubayidwa ndi chiwongolero. Lamba wodutsa pachifuwa ndi m'chiuno anamupanga ndi Nils Bohlin wa kampani ya Volvo mu 1959, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati amachepetsa pafupifupi ndi theka chiopsezo cha imfa kwa okhala kutsogolo.

Ena mwa ife timati kumanga lamba n'kuchepa kwa chikhulupiriro, poti zonse zinalembedwa kale. Maganizo amenewa si a Chisilamu. Imam Tirmidhi anasunga nkhani ya munthu amene anafunsa Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) ngati amange ngamira yake kapena angoisiya n'kudalira Allah. Mtumiki anamulangiza kuchita zonse ziwiri: kuimanga ndi kudalira. Tawakkul yoona imayamba munthu atachita mbali yake. Thupi lathu ndi amana, ndipo miyoyo ya omwe tawakweza kumbuyo pamwamba pa katundu tidzafunsidwa nayo pa Tsiku la Chiweruzo.

Choncho inu bambo amene muli ndi galimoto yokalamba, sinthani mafuta a mabuleki pakatha zaka ziwiri zilizonse. Yang'anani manambala anayi omaliza pambali pa tayala: awiri oyamba ndi sabata, awiri enawo ndi chaka chomwe linapangidwa. Tayala lokalamba limaphulika ngakhale mizere yake ikuoneka. Musapyoze muyeso wa katundu. Inu mayi, musatope kukumbutsa za lamba. Ana athu tiwaphunzitse dua ya paulendo, ndipo akatsiriza kuiwerenga amange lamba.

Amene wapulumuka pangozi agwetse nkhope pansi mothokoza, apereke sadaka, ndipo akawathokoze omwe anamuthandiza. Allah atiteteze m'maulendo athu onse. Ameen.