Magitala Amagetsi Otsika Mtengo: Chifukwa Chiyani Ena Amalira Bwino, Ena Ayi?

Nkhani ya sabata ino ikukhudza onse amene amaimba gitala yamagetsi, makamaka achinyamata a m'magulu oimba ndi a m'makwaya a m'matchalitchi, amene amasonkherana ndalama miyezi yambiri kuti agule chida chimodzi. Pali chinthu chimene chimadabwitsa ogula ambiri. Magitala awiri akhoza kutuluka m'fakitale imodzi, ali ndi dzina limodzi, utoto umodzi ndi mtengo umodzi, koma ina n'kumalira mokoma pamene inzake ikusokosera ndi kupweteka zala. Wogula amene wapeza yabwino amatamanda kampaniyo. Amene wapeza yoipa amaitukwana. Onse awiri amanena zoona, ndipo zifukwa zake n'zodziwika.

Gitala yamagetsi ya thabwa lopanda mphako idayamba kupangidwa yambiri mu 1950, pamene Leo Fender wa ku Fullerton, m'chigawo cha California ku America, adatulutsa gitala imene pambuyo pake idatchedwa Telecaster. Mu 1954 adatulutsanso Stratocaster. Nzeru ya Fender idali yoti khosi la gitala lizipangidwa palokha, thunthu palokha, kenaka n'kuzilumikiza ndi masikuluwu anayi. Njira imeneyi idachititsa kuti gitala isavute kupanga, komanso kuti isavute kukopera. M'zaka za m'ma 1960 makampani a ku Japan, monga Teisco ndi Guyatone, adadzaza misika ndi magitala otchipa, ena abwino, ena ovuta kuwaimba. Pofika m'ma 1970 amisiri a ku Japan adali atadziwa ntchito, mwakuti mu 1982 kampani ya Fender idayamba kupangitsa magitala ake otsika mtengo, otchedwa Squier, ku Japan komweko. Pambuyo pake ntchito yotere idasamukira ku Korea, kenaka ku China ndi ku Indonesia, kumene magitala ambiri otchipa amachokera masiku ano.

Chifukwa choyamba cha kusiyana kwa magitala chili m'thabwa. Kalipentala aliyense amadziwa kuti chitseko chopangidwa ndi thabwa laliwisi chimapindika chikauma. Thabwa la gitala limayenera kuumitsidwa mpaka chinyezi chake chitatsika kufika pa magawo 6 kapena 8 pa 100 alionse, ndipo kutero kumadya nthawi ndi ndalama. Fakitale imene ikuthamangira kutsitsa mtengo imafupikitsa nthawi youmitsira, ndiponso sisankha matabwa mosamala. Tsono nsambo zisanu ndi imodzi zikamangidwa, zimakoka khosi ndi mphamvu yofanana ndi katundu wolemera pafupifupi makilogalamu 45, usana ndi usiku. M'kati mwa khosi mumakhala ndodo yachitsulo yolimbana ndi kukoka kumeneku, imene munthu angathe kuimanga kapena kuimasula ndi kiyi. Ndodoyo imawongola khosi limene lawerama, koma siingathe kukonza khosi limene lapotoka ngati chingwe. Popeza matabwa awiri salingana ngakhale atachokera pa tsinde limodzi, khosi lina limakhala lowongoka zaka zambiri pamene lina likhota m'chaka choyamba.

Chifukwa chachiwiri chili m'miyeso. Pa gitala ya mtundu wa Fender, nsambo imene imalira ndi yotalika mamilimita 648. Pakhosi pamakhala timizere tachitsulo 21 kapena 22, totchedwa mafureti, ndipo kalikonse kali ndi malo ake enieni. Koyamba kamakhala pa mamilimita pafupifupi 36 kuchokera kumutu, ndipo ka nambala 12 kamakhala pakati penipeni, pa mamilimita 324. Masiku ano makina oyendetsedwa ndi kompyuta ndiwo amadula matabwa ndi kucheka malo a timizereti, ndipo salakwitsa kawirikawiri. N'chifukwa chake gitala yotchipa ya lero imaposa kutali yotchipa ya m'ma 1960. Komabe makina sathetsa ntchito yonse. Kukhomerera timizereto, kutisalaza ndi tupa kuti tilingane msinkhu, kucheka timipata tokhalamo nsambo kumutu, ndi kuwotcherera mawaya, zonsezi zimafuna dzanja ndi diso la munthu. Kamzere kamodzi kakatalika kuposa anzake ndi muyeso wochepa ngati kuchindikala kwa pepala, nsambo imakakhudza n'kumalira ngati njuchi. Timipata takumutu tikakhala tosazama, nsambo zimakwera, zala zimapweteka, ndipo mawu amakwera kupitirira pamene ayenera kukhala.

Apa ndiye pagona kusiyana kwenikweni kwa gitala yodula ndi yotchipa. Pa yodula mmisiri amapatsidwa nthawi yokwanira yosalaza, kuyeza ndi kuimba gitala iliyonse isanaikidwe m'bokosi. Pa yotchipa amapatsidwa mphindi zowerengeka, ndipo oyang'anira amayesa mosamala zochepa chabe mwa zambiri. Gitala imene yadutsa m'manja mwa mmisiri wozolowera ntchito imatuluka yabwino. Imene yagwera wophunzira kumene, kapena munthu wotopa madzulo, imatuluka ndi zilema. Tsono wogula amakhala ngati akuchita maere. Ngakhale dzina lotchuka silitchinjiriza kotheratu. Kampani ya CBS itagula Fender mu 1965 ndi kuchulukitsa kwambiri magitala opangidwa pa tsiku, oimba ambiri a m'ma 1970 adadandaula kuti makosi ena adali ogwedera ndiponso kuti magitala ena adali olemera mopitirira.

Chifukwa chachitatu chili m'zipangizo zamagetsi. Pansi pa nsambo pali kachida kotchedwa pickup, kamene ndi maginito ozunguliridwa ndi waya wa kopa woonda ngati tsitsi, wokulungidwa maulendo pafupifupi 8,000. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginitowo, m'wayamo mumabadwa mphamvu yochepa yamagetsi imene ampulifaya imaikuza. Wayayo akakulungidwa molekerera, kapena akapanda kuviikidwa mu phula kuti asagwedere, gitala imalira likhweru mawu akakwezedwa. Waya mmodzi akawotchereredwa mosasamala, mawu amadukaduka. Zochunira zotchipa nazo zimaterereka, mwakuti nyimbo isanathe nsambo zimakhala zitamasuka.

Chifukwa chomaliza ndi ulendo ndi nyengo. Gitala imachoka m'dziko lachinyezi, imakhala milungu yambiri m'bokosi lachitsulo panyanja, kenaka pagalimoto kuchokera ku doko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, n'kudzapachikidwa m'sitolo mwezi wa Okutobala kunja kuli ng'amba. Thabwa likauma limafota, koma chitsulo sichifota, motero nsonga za timizere tija zimatulukira m'mbali mwa khosi n'kumakanda dzanja. Mvula ikagwa thabwa limafufumanso, ndipo khosi limasuntha.

Tsono wogula achite chiyani? Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Utoto wonyezimira usamunamize. Choyamba, asagule gitala yomata m'bokosi. Apemphe kuti ayese imene adzatengeyo, ndipo ngati zilipo zingapo aziyese zonse. Ayang'ane khosi kuchokera kumutu monga mmene kalipentala amayang'anira thabwa, kuti aone ngati lapotoka. Aimbe nsambo iliyonse pa kamzere kalikonse, akumvetsera phokoso. Ayerekeze mawu a nsambo yosagwira ndi mawu a pa kamzere ka nambala 12: ayenera kukhala mawu amodzimodzi, ena otsika, ena okwera. Ailumikize ku ampulifaya, apotokole zokwezera mawu zonse ndi kugwedeza chingwe pamene chalowera. Wosadziwa kuimba atenge mnzake wodziwa, ndipo amvane ndi mwini sitolo za kubweza katundu ndalama zisanatuluke m'thumba.

N'kofunikanso kusiyanitsa zilema zochizika ndi zosachizika. Nsambo zokwera, mawaya omasuka, nsonga zokanda ndi zochunira zoterereka, mmisiri wodziwa angathe kuzikonza ndi ndalama zochepa, ndipo gitala yotchipa ikakonzedwa chotere imatumikira gulu zaka zambiri. Koma khosi lopotoka, ndodo yam'kati imene yakana kuzungulira, kapena timizere tokhomedwa pamalo olakwika, zimenezi zimadya ndalama zoposa mtengo wa gitalayo. Gitala yotere ndi yofunika kuisiya m'sitolo momwemo, ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo chotani. Ndipo amene wapeza yabwino aisunge pamthunzi, kutali ndi dzuwa, moto ndi khoma lonyowa, pakuti thabwa silileka kumva nyengo ngakhale litapakidwa utoto.