MBENDERA YA COMOROS PA MASEŴERA A ZILUMBA

Munthu akaima pa boma la Mulanje n'kuyang'ana kumpoto cha kum'maŵa, chimene amaona ndi phiri lokha. Komatu kuseri kwa phirilo kuli dziko la Mozambique, ndipo kupitirira Mozambique kuli nyanja yaikulu yamchere yotchedwa Indian Ocean. M'nyanja imeneyi, makilomita pafupifupi 300 kuchokera pagombe, muli kadziko ka zilumba kotchedwa Comoros. Likulu lake ndi Moroni.

Dzikoli ndi laling'ono ndithu. Zilumba zitatu zimene boma lake limalamulira, Ngazidja, Nzwani ndi Mwali, zitati ziphatikizidwe pamodzi sizingakwane masikweya kilomita 1,900, pamene boma la Mulanje palokha ndi lalikulu masikweya kilomita 2,056. Phiri lawo lalitali, Karthala, limene nthaŵi zina limalavula moto, ndi lotalika mamita 2,361. Nsonga ya Sapitwa imaliposa chifukwa imafika mamita 3,002. Anthu ake ndi oposa 800,000. Monga mmene a ku Mulanje amadalirira tiyi, iwo amadalira vanila, zokometsera zakudya ndi maluŵa opangira mafuta onunkhira. Chinenero chawo ndi chapachibale ndi Chiswahili.

Maiko a m'zilumba za m'nyanjayi ali ndi mpikisano wawo wotchedwa Indian Ocean Island Games. Mpikisanowu udayamba m'chaka cha 1979 pa chilumba cha Réunion, ndipo masiku ano umachitika kamodzi pa zaka zinayi zilizonse. Opikisana amachokera ku Madagascar, Mauritius, Seychelles, Maldives, Comoros, Réunion ndi Mayotte. Sumakhala mpikisano wa mpira wokha ayi. Mumakhala liŵiro, kulumpha, kusambira, nkhonya, judo, kupalasa njinga, kunyamula zitsulo zolemera ndi maseŵera ena ambiri, zonsezo m'masiku ngati khumi.

Dziko la Comoros lidalipo kuyambira pa mpikisano woyamba uja. Koma ulendo wopita kumeneko suli ngati wa timu ya sukulu imene imakwera lole kupita ku Chitakale kapena ku Limbuli. Kulibe mseu wotuluka m'dzikomo. Ngakhale kusonkhanitsa chabe oseŵera a m'zilumba zitatuzo kumalira bwato kapena ndege. Mabwalo abwino ophunzirirapo ndi oŵerengeka, ndipo ndalama zimapereŵera. Pamwamba pa zimenezi pali mphepo za mkuntho. Ana a ku Mulanje sadzaiŵala namondwe wa Freddy wa m'mwezi wa March 2023. A ku Comoros nawonso adaona zakuda mu April 2019 pamene namondwe wa Kenneth adasasula nyumba ndi kuzula mbeu, patangotsala miyezi itatu kuti maseŵera ayambe ku Mauritius. Komabe oseŵera awo adapita.

Poŵerenga mamendulo, Comoros kaŵirikaŵiri imapezeka cha kumunsi, kutali ndi Réunion, Mauritius ndi Madagascar. Nanga n'chifukwa chiyani dziko losauka limataya ndalama pa mpikisano umene silipambana kwenikweni? Yankho lake limaoneka pa tsiku lotsegulira maseŵera. Pa tsikuli gulu la dziko lililonse limaloŵa m'bwalo likuguba, mbendera yake ili patsogolo. Pa mphindi imeneyo Comoros ndi Madagascar, imene ili ndi anthu oposa 25 miliyoni, zimafanana ulemu. Mbendera ya wina siiposa ya mnzake. Dziko laling'ono silipeza malo ambiri otere, ndipo n'chifukwa chake nkhani ya mbendera a ku Comoros saitenga mwachibwana.

Mbendera yawo ili ndi mizere inayi, wachikasu, woyera, wofiira ndi wabuluu, ndiponso nyenyezi zinayi. Woŵerenga wochenjera aona kale kuti pali posokonekera: zilumba zija zidatchulidwa zitatu, nanga chachinayi n'chiti? Chachinayi ndi Mayotte, chimene eni ake amachitcha Maore.

Kale zilumba zinayi zonsezi zinkalamulidwa ndi dziko la France. Mu December 1974 anthu adafunsidwa kuti aponye voti yosankha pakati pa kudzilamulira ndi kukhalabe pansi pa France. Zilumba zitatu zidasankha kudzilamulira, koma anthu ambiri a pa Mayotte adakana. Comoros idalengeza ufulu wake pa 6 July 1975, tsiku la mwezi lomwelo limene Malaŵi amakumbukira ufulu wake wa 1964. Mayotte idatsala m'manja mwa France, ndipo mu 2011 idasanduka chigawo chenicheni cha dzikolo. Boma la Comoros silidavomereze zimenezi. Limanenabe kuti chilumbacho ndi chake, ndipo nyenyezi yachinayi ija ndiyo mboni.

Anthu a ku Mulanje sangavutike kumvetsa kuŵaŵa kwa nkhani yotere. Pa Muloza malire amadutsa pakati pa anthu a mtundu umodzi, kotero kuti malume amakhala ku Milange, mphwake ali tsidya lino. Zili chimodzimodzi pakati pa Nzwani ndi Mayotte, pamene pali mtunda wa makilomita ngati 70 okha. Kusiyana kwake n'kwakuti uko malire ndi nyanja, ndipo anthu ambiri amira poyesa kuwoloka usiku pa timabwato ting'onoting'ono.

Achinyamata a pa Mayotte nawonso ankafuna kuthamanga ndi kumenya mpira pamodzi ndi anzawo. Akuluakulu a maseŵera adakambirana, ndipo adagwirizana kuti Mayotte izibwera ndi gulu lakelake, koma isamanyamule mbendera ya France kapena kuimba nyimbo ya fuko la France. Panganoli lidasungidwa mu 2007 ku Madagascar ndi mu 2011 ku Seychelles.

Zinthu zidasokonekera pa 1 August 2015, potsegulira maseŵera ku Réunion, chilumba chimene nachonso ndi cha France. Gulu la Mayotte lidaloŵa m'bwalo likuguba pambuyo pa mbendera ya France. A ku Comoros ataona zimenezi adatuluka m'bwalomo, ndipo boma lawo lidalamula kuti gulu lonse lichoke mu mpikisano. Pofuna kuziziritsa mitima, oyendetsa maseŵera adaletsa kukweza mbendera ndi kuimba nyimbo za mafuko popereka mamendulo. Zimenezi zidangowonjezera mkwiyo, pakuti tsopano opambana a maiko ena onse adamanidwa ulemu umene adauvutikira.

Anthu amasiyana maganizo pa zimene Comoros idachita. Ena amati dziko silingakhale chete pamene pangano laswedwa pamaso pa anthu onse, chifukwa kukhala chete kukadaoneka ngati kuvomera kuti Mayotte idapita basi. Ena amaganizira za oseŵerawo. Wothamanga amakonzekera zaka zinayi, kudzuka m'bandakucha, mwina wopanda ndi nsapato zoyenera zomwe. Zaka zake za liŵiro ndi zochepa, ndipo ena mwa iwo mwayi wotere sudzabweranso. Mbali zonse ziŵiri zili ndi mfundo, koma n'zoonekeratu kuti amene adasenza mtolo wolemera pa mkanganowu ndi anyamata ndi atsikana amene sadauyambe.

Vuto lina lidatsatira. Comoros ndiyo idapatsidwa mwayi wochititsa maseŵera a 2019, koma chaka cha 2015 chisanathe mwayiwo udalandidwa n'kupatsidwa kwa Mauritius, ati chifukwa zokonzekera zinkachedwa. Kulandira alendo zikwizikwi si ntchito yamaseŵera. Amalaŵi adaziona okha mu December 2022 pamene achinyamata a maiko a kumwera kwa Afrika adadzapikisana ku Lilongwe: padafunika dziŵe losambiramo, nyumba ya maseŵera, malo ogona ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku.

Ngakhale zidatero, a ku Comoros sadataye mtima. Adabwerera mu mpikisano mu 2019, ndiponso mu 2023 ku Antananarivo. Pakati pa zaka zimenezi timu yawo ya mpira idadabwitsa Afrika yense. Mu January 2022, pa mpikisano wa chikho cha Afrika ku Cameroon, idagonjetsa Ghana ndi zigoli 3 kwa 2 n'kufika m'ndime ya matimu 16, ndime yomweyo imene Malaŵi adafikanso chaka chimenecho. Mu 2023 akuluakulu a maseŵera a zilumba adasankha Comoros kuti ichititse mpikisano wa 2027, koyamba chiyambire 1979. Pakati pa alendo oyembekezeka ku Moroni pali gulu la Mayotte.

MAFUNSO

1. Kodi dziko la Comoros likufanana bwanji ndi boma la Mulanje, nanga likusiyana nalo bwanji?
2. N'chifukwa chiyani mbendera ya Comoros ili ndi nyenyezi zinayi?
3. Fotokozani zimene zidachitika ku Réunion pa 1 August 2015.
4. Mukadakhala mmodzi wa oseŵera a ku Comoros chaka chimenecho, mukadamva bwanji? Perekani zifukwa.