Ndani amayesa mkono wa galimoto yokonzera magetsi?

Mphepo ya m'dzinja ikagwetsera mtengo pa mawaya a magetsi ku Katete, ku Sinda kapena ku Vubwi, tonse timangofuna kuti a ZESCO afike msanga. Nthawi zambiri wogwira ntchito amakwera polo ndi makwerero ndi lamba, koma ntchito zina zimafuna galimoto ya mkono wautali, yonyamula munthu m'chindowa mpaka kufika pa mawaya. Chitetezo cha galimotoyi chili m'manja mwa mabungwe angapo, ndipo lililonse lili ndi malire ake.

A RTSA, bungwe loona za magalimoto pa msewu, akamapereka pepala la fitinesi amaona mabuleki, matayala, nyale ndi chiwongolero. Pepala lawo limangotsimikiza kuti galimoto ingayende pa msewu wa Great East. Za mphamvu ya mkono wonyamula munthu silinenapo kanthu.

Mkonowo umafuna kuyesedwa pawokha. Mbali yake ya kumtunda imapangidwa ndi fibreglass kuti magetsi asadutse n'kupha amene ali m'chindowa. Vuto n'lakuti fibreglass imatha kuthetheka m'kati kunja kukuoneka bwinobwino, utoto uli waliwali. N'chifukwa chake akatswiri amachita kumvetsera, monga mayi wogula mbiya amaigogoda kuti amve ngati ili ndi mng'alu. Amamata timakina tomva phokoso m'malo osiyanasiyana a mkonowo, kenako amaukoka pang'onopang'ono ndi mphamvu yoposa katundu amene umaloledwa kunyamula. Ulusi wa m'kati ukamaduka, kapena mng'alu wa pachitsulo ukamakula, pamatuluka kaphokoso kosamveka ndi khutu la munthu. Kompyuta imawerenga timaphokosoto n'kuloza dera limene tachokera, ndipo pamenepo amapafufuza mwa njira zina. Ku America njira imeneyi inalembedwa m'ndondomeko yotchedwa ASTM F914. Kuyesa ngati mkono ukutchingabe magetsi ndi ntchito inanso yapadera.

Kuno ku Zambia, lamulo la Occupational Health and Safety Act la mu 2010 linaika pa wolemba ntchito udindo woonetsetsa kuti zipangizo n'zosaika moyo pachiswe. Linanenanso kuti pamalo pamene pali antchito 10 kapena kuposerapo pakhale komiti ya zaumoyo ndi chitetezo. Kumeneko ndiye koyambira kudandaula. Bungwe la ERB limayang'anira makampani a magetsi, pomwe Workers' Compensation Fund Control Board imalipira chipukutamisozi munthu akavulala kapena kumwalira pantchito.

Ine ndikuona kuti wokwera m'chindowa ayenera kupempha kuona pepala losonyeza tsiku limene mkono unayesedwa komaliza ndi dzina la katswiri amene anasaina, ndipo kapitawo asamuone ngati wamwano. Makontrakitala amene amapatsidwa ndi bungwe la REA ntchito yokokera magetsi kumidzi nawonso afunsidwe zomwezo. Ifenso a m'mudzi tikaona mafuta akudontha pa mkono, kapena wantchito ali m'mwamba opanda lamba, tikanene ku ofesi ya ZESCO, titalemba nambala ya galimoto, tsiku ndi malo.