Njira Yabwino Yophunzirira: Tisafulumire Kugamula

Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikatuluka, pa Mtunthama pano pamabuka mtsutso. Ena amati ana oŵerenga m'timagulu ndiwo amakhoza. Ena amati mwana aziloŵeza payekha. Kodi tingadziŵe bwanji choona?

Tiyerekeze kuti ana 20 anaŵerenga m'timagulu ndipo 14 anakhoza, pamene mwa ana 20 oŵerenga paokha anakhoza 10. Ambiri a ife tidzati timagulu tapambana. Koma tiyambe taganiza kuti njira ziŵirizi nzofanana, tione ngati kusiyanaku kungabwere mwamwayi chabe.

Dulani timapepala 40. Pa 24 lembanipo "wakhoza", pa 16 "walephera". Tisakanizeni m'lichero, muike 20 uku, 20 uko, nimuŵerenge okhoza mbali iliyonse. Mukabwereza kambirimbiri, mudzapeza kuti kamodzi pa katatu mbali ina imaposa inzake ndi ana anayi kapena kupitirira. Pamenepatu palibe mphunzitsi, palibe buku, koma lichero lokha. Katswiri wa masamu Ronald Fisher, amene anayamba kupima zokolola pa Rothamsted ku Mangalande mu 1919, anati kusiyana kuyambe kuŵerengedwa ngati umboni pokhapokha mwayi utakubweretsa kosaposa kamodzi pa 20. Choncho ana athu 40 aja sanatiuze kanthu kodalirika. Akadakhala 200 mbali iliyonse, nakhoza 140 uku ndi 100 uko, mwayi sukadatero ngakhale kamodzi pa 10,000.

Msampha wina ulipo. Pamene Kamuzu Academy inatsegulidwa kuno mu 1981, inkatenga ana opambana a m'maboma onse a Malaŵi. Kukhoza kwao sikukadatsimikiza kuti Chilatini chimene ankaphunzira ndicho mankhwala a nzeru, pakuti anali anzeru asanaloŵe pachipata. Mlimi wa fodya woyesa feteleza watsopano pa nthaka yachonde, wakale nathira pamchenga, wayesa nthaka, osati feteleza. Nchifukwa chake poyesa njira ziŵiri, ana agaŵidwe mwa maere, osati posankha.

Makolo, musamusiyitse mwana kaŵerengedwe kamene kakumuthandiza chifukwa cha mbiri ya kalasi imodzi. Anyamata ndi atsikana, wina akakutamandirani njira yake, mfunseni kuti anayesedwa anali angati, ndipo anaŵagaŵa ndani. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.